Magazi pa Mwendo wa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi analembetsa kuthamanga nawo mpikisano wa marathon muno mu Dublin. Tinkakhala awiriwiri m'kanyumba ka lendi ku Tallaght, poti bambo anamwalira ndili wakhanda. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo akaweruka ankavala nsapato zawo zakuthaitha n'kumazungulira paki, kaya kugwe mvula kaya kuwombe mphepo. Ine ndinkangoti ndi misala ya akuluakulu.

Nkhaniyi itamveka kumapemphero a Amalawi anzathu, kunabuka manong'onong'o. Azibambo ankafunsana moseka kuti mzimayi wamkulu angathamange bwanji ntchafu zili pamtunda. Koma amene anandilowetsa mantha ndi Mayi Gondwe, mayi wachikulire amene ankandisunga amayi akakhala kuntchito. Anandiitanira kukhitchini n'kutsitsa mawu.

"Mwanawe, thupi la mkazi silinapangidwire mtunda wotere. Chiberekero chimatsika, magazi n'kutayika, munthu n'kuthera pamsewu. Ndiye iwe utsala ndi ndani? Adzakutenga a social."

Ana a kwathu tonse tinkawaopa a social kuposa mfiti, chifukwa tinkamva kuti akakutenga umakaleredwa ndi anthu osawadziwa. Kuyambira tsikulo chakudya chinasiya kulowa. Amayi sindinawafunse kanthu. Mwana angayambe bwanji nkhani ya chiberekero ndi mayi ake?

Tsiku la mpikisano kunacha kozizira. Ine ndi Mayi Gondwe tinakwera sitima ya Luas kupita m'tauni, iwo atapinda chitenje m'chikwama. Nditachiona ndinangodziwa ndekha kuti n'chofundika maliro. Tinaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi pothera mpikisano. Anthu ankaomba m'manja ndi kuliza timabelu, koma ine makutu anga anali pa ambulansi basi. Iliyonse ikadutsa ndinkaganiza kuti amayi ali m'menemo.

Anadutsa anthu osawerengeka, ngakhale agogo a imvi mutu wonse. Kenako ndinawaona amayi. Ankatsimphina, nkhope itatuwa, milomo itauma, ndipo kumwendo wakumanzere magazi anali atayenderera mpaka m'sokosi. Zija ananena Mayi Gondwe zinali zitachitika.

Mayi Gondwe, ndi ukalamba wawo womwewo, anapyola pampata wa zitsulo zotchingira msewu. Anawagwira amayi pamkono n'kuyamba kuwakulunga chitenje m'chiuno.

"Basi, amake Tadala, zakwana. Tulukani muno. Mukufuna mwanayu akhale wamasiye?"

Amayi sanalimbane nawo. Anatembenukira kwa ine, akupuma wefuwefu.

"Tadala, ndaponda botolo n'kugwa, ndi bondo chabe ili. Ndili mtsikana, amalume anandikoka chonchi pabwalo la sukulu ku Dedza, ndikutsogola. Sindinathamangenso mpikisano. Lero ukanena iweyo kuti ndisiye, ndisiya."

Ndinayang'ana bondolo. Linalidi losupuka, koma mantha samva umboni. Mtima wonse unkandiuza kuti ndiwatulutse tizipita kunyumba, ndipo mawuwo anali atafika kale pamilomo. Chimene chinandigwira pakamwa n'chakuti amayi, amene sankagwadira munthu, anali ataima pakati pa msewu, othamanga akuwalambalala, akudikira chilolezo kwa mwana wonjenjemera. Zinandimvetsa chisoni kwambiri. Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkayankhira masiku amenewo.

"Go, Mammy."

Anamasula chitenjecho, n'kuchibweza kwa Mayi Gondwe ndi manja awiri, n'kupitiriza kutsimphina. Musaganize kuti mantha anandichoka. Sindinawaone akumaliza, chifukwa ndinali nditabisa nkhope m'jekete la Mayi Gondwe, ndikulira kuti ndapha amayi anga ndi pakamwa panga. Tinakawapeza atakhala pansi m'mbali mwa msewu, atafunda kapulasitiki konyezimira, akudya nthochi ngati munthu wina aliyense.

Nditakula ndinamva kuti akazi oyamba kuthamanga marathon m'mayiko ena nawonso ankakokedwa panjira, akuopsezedwa kuti matupi awo awonongeka. Kale ndinkayesa kuti okoka onse ndi anthu a mtima woipa. Si onse ayi. Mayi Gondwe ankatikonda, ndipo amalume aja ankayesa kuti akupulumutsa mwana wa mlongo wawo. Dzanja lotulutsa mkazi mumpikisano kawirikawiri limakhala la munthu womukonda amene wagwidwa ndi mantha, n'chifukwa chake limavuta kulikutumula. Tsiku lija pamsewu uja, panangotsala pang'ono kuti dzanja lotero likhale langa.