Makina a ku Kaphuka

Matipate atangobwera, kaunjika anadzaza msika wa pa boma. Anthu ankagula madiresi aakulu ngati matumba a chimanga, kenaka n'kumasaka wowabwezera. Ine ndinkafuna wobwezayo ndikhale ine. Ndinali nditatopa ndi kungokhala mkazi wa aphunzitsi ku Kasina, kudikira kutha kwa mwezi manja ali lende. Kachewere wanga atagulidwa, ndinati chaka chino makina osokera alowa m'nyumba muno.

Kalelo chinthu chachikulu sunkangogula ngati tomato, unkayamba wafunsa. Ndiye ndinafunsa, abale inu! Ndinafunsa amayi a m'kwaya onse. Ndinakhalitsa pakhonde la sitolo ina kuyang'ana telala akupalasa, mpaka iye anati, "Mayi, mwabwera kudzasoketsa kapena kudzandilodza?" Mwini sitoloyo, bambo wachisilamu wofatsa, anandilola kuyesa makina atsopano. Ankangoyenda myaa, ulusi osaduka. Za makina akale telala uja anati, "Muziyang'ana timano togwira nsaluti. Tikadyeka, mwagula tebulo."

Nditasankha atsopanowo, amuna anga anati, "Mukafunseko amayi. Angamvere kwa ena."

Apongozi anga anali namwino wopuma. Ndinapita, n'kugwada. Cholinga changa chinali kungowadziwitsa, koma kwathu wamkulu sumudziwitsa, umamufunsa. Ndipo akayankha, nkhani yatha.

"Mwachita bwino kufunsa, mwananga," anatero. "Zatsopanozi n'zachabechabe. Achemwali anga ku Kaphuka ali ndi makina enieni, a nthawi ya atsamunda. Maso awavuta, akufuna kugulitsa. Ndiwatumizira uthenga."

Tinapita atatu: ine, amuna anga ndi apongozi. Tinapeza atasesa pabwalo, atapha nkhuku, makina atawapaka mafuta akuchita kung'anima. Titadya, ndinawerama n'kupapasa timano tija. Mayo ine! Timano tonse tinali see, ngati nkhama za khanda.

"Mukuyang'ana chiyani?" anafunsa apongozi.

"Ndikungosirira, amayi."

Ndinaponya diso kwa amuna anga, iwo maso ali kudenga. Nkhuku ya eni ili m'mimba, achemwali a apongozi akuthokoza Mulungu kuti makina atsala pachibale, ndikanakana bwanji? Anawakweza pangolo ine ndikumwetulira, m'kati ndikulira.

Sanasokepo ngakhale mpango. Nsalu inkangoima malo amodzi, ulusi n'kumapotana. Telala atawaona anapukusa mutu, akuti zipangizo zake zinasiya kubwera kalekale. Kuwabweza kukanakhala kutukwana apongozi, kuwagulitsa mbiri ikanafika ku Kaphuka ine ndisanafike kunyumba. Ndinapsa mtima zedi, ndipo amuna anga ndinkangowayankha ndi mutu. Makina atsopano aja anagula mayi wina wa m'kwaya mwathu momwemo, amene anamva kwa ine kuti ndi abwino. Pakhonde pake panayamba kukhala mzere wa anthu ndi kaunjika wawo. Anga ndinawafunditsa kansalu n'kuikapo wailesi.

Apongozi ankadzera kwathu pochokera ku Misa. Ankasisita makinawo n'kumauza alendo kuti, "Mpongozi wangayu ndi waulemu, amayamba wafunsa."

Khirisimasi itayandikira anabwera ndi nsalu yamaluwa. "Mundisokere diresi, mwananga, achemwali akaone ntchito ya makina awo."

Ndinalandira ndi manja awiri. M'mawa mwake ndinabisa nsaluyo m'chitenje, n'kupita kukaima pamzere pakhonde la mayi uja.