Amuna Anga Tinawaika Kumtunda

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona, ndinangoodzera nditatsamira khoma. M'siwa munali mutazizira. Amayi a mphakati amene anachezera kuimba anali atagona mopingasana pamphasa, ndipo nyali inali pafupi kuzima. Pambali panga panali bokosi la amuna anga, a Mbewe. Kunja kunali mvumbi. Chapatali ndinamva makasu akugundana, ndinadziwa kuti adzukulu akupita kumanda kukayamba kukumba. Koma ine ndinali ndi mawu a malemuwo amene palibe anali atawamvetsera. Dzulo lake ndinayesa kuuza alamu anga a Nambewe, mlongo wawo wamkulu, koma anangoti namfedwa salankhula zambiri, ndipumule.

A Mbewe anali katswiri wa madzi a pansi pa nthaka. Ankagwira ntchito m'boma, kuyendayenda m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kutsitsa chingwe m'mijigo ndi m'zitsime kuti aone pamene madzi afika, ndi kutunga ena m'timabotolo kukawayeza ku Lilongwe. Ine ndinakwatiwa ndi munthu, koma masiku ambiri ndinkakhala ndi jekete lake lokha pamsomali. Akabwera, tiyi samwa asanafunse kumene ndatunga madzi ake. Ana sitinapatsidwe. Zipani zitachuluka, aliyense wofuna voti ankalonjeza mjigo, ndipo amuna anga anadedwa m'midzi yambiri chifukwa chokana malo: apa chimbudzi chayandikira, apa madzi ndi amchere, apa ana adzathimbirira mano. Sankadziwa kukana mosekerera, ndipo ine ndinalephera kuwaphunzitsa.

Nkhani imene inawadanitsa ndi abale awo inali ya manda. Manda a kwawo ali m'munsi mwa phiri, kufupi ndi dambo, ndipo kunsi kwake pang'ono kuli chitsime chimene mudzi wonse umamwa. A Mbewe ankati dzinja madzi a pansi amakwera mpaka pamene pagona anthu, kenaka n'kutsetserekera kuchitsimeko. Ankapempha kuti maliro atsopano aziikidwa kumtunda, kumiyala. Anthu ankaseka kuti sukulu yawasokoneza mutu, ndani angasiye makolo ake n'kukagona ndi anyani? Ali m'chipatala ku Mtengowanthenga, mawu atayamba kuthawa, anandigwira dzanja nati, "Nabanda, wina ayenera kuyamba. Mukandiike kumtunda." M'chipindamo tinalimo awiri basi.

Kutangoyera ndinafunda chitenje n'kutuluka. Kuseri kwa nyumba amayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolotolo, miphika ya nyemba ili pamafuwa. Onse anasiya kukupiza moto n'kumandiyang'ana, chifukwa mkazi wa malemu sachoka pabokosi. Abambo anali m'chigafa, pansi pa fodya wongopachikidwa kumene. Ndinagwada m'matope patsogolo pa amalume awo a malemu, nkhalamba yosamva khutu limodzi, ndipo ndinanena mawuwo kawiri kuti amve.

A Nambewe anali atanditsatira. Sanakalipe ayi, ndipo zikanandipepukira akanakalipa. Anati dzenje layambidwa kale pafupi ndi mayi awo, pamene aliyense wa mbumba yawo amagona. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, mlongo wangayu moyo wake wonse wagona m'matenti, m'tchire, yekha. Lero wabwera kwawo, ndiye mukufuna akagonenso yekha? Inu mawa mubwerera ku Ntchisi. Adzamulambulira ndani kumiyalako?"

Zonsezo zinali zoona. Ndinangobwereza kuti ndi zimene anandiuza. Amalume anafunsa ngati panali wina amene anamva, ndinati ayi. Anasisita ndodo yawo. Kenaka anati iwo salimbana ndi mawu a munthu womwalira, koma ngati ndanama, mlanduwo ndiusenze ndekha. Anatuma uthenga kwa amfumu ndi kwa adzukulu, nalamula kuti m'dzenje loyambalo aikemo thunthu la nthochi n'kukwirira, pakuti manda okumba sasiyidwa kukamwa.

Ndinabwerera m'siwa. Amayi awiri amene dzulo lake ankandigwirizira mapewa anasunthira pang'ono kukhoma. Palibe anandinyoza pamaso, koma makutu a namfedwa sagontha. Ndinamva wina akuti wobwera walamula mudzi, wina akuti n'kuona alibe mwana woti adzafune manda a bambo wake. Zinandipweteka kwambiri. Ndinaika dzanja pabokosi n'kumawafunsa chamumtima eni akewo kuti bwanji zinthu zovuta ankakonda kundisiyira ine.

Anthu anayamba kufika dzuwa litakwera, ngakhale dzuwalo sitinalione. Anabwera pansi, panjinga, ena atafunda mapepala a pulasitiki kumutu. Lole ya kuntchito kwa malemu inatitimira pamlatho, amuna a mataye anafika nsapato zili m'manja. Kunabweranso amuna awiri a ku Dzaleka, othawa nkhondo kwawo, amene anati malemu ankawayezera madzi kumsasa. Chichewa chawo chinali chochepa, anangokhala pamwala kumapeto kwa bwalo zipewa zili pamaondo.

Maliro anayenera kunyamuka masana, koma kumtunda adzukulu anapeza mwala. Makasu anakanika, anatuma munthu kukabwereka piki kumudzi wina. Akatekisiti anatalikitsa mapemphero mpaka anatheratu. Mnzawo wa malemu wa kuntchito analankhula za mijigo imene anthu akumwa chifukwa cha a Mbewe, ndi ina imene sinakumbidwe chifukwa cha iwo omwewo, nati yachiwiriyi palibe amathokoza. Kenaka anaimirira bambo wina wa ndale amene sindinamuonepo chikhalire. Anati malemu anali mnzake wapamtima, ndipo powakumbukira adzakumbitsa mjigo m'mudzimo, akuloza ndi dzanja kudambo komwe kuja. Tsiku lonse apa pokha ndi pamene ndinatsala pang'ono kuseka.

Anthu atadya anayamba kuchoka. Sindiwanena, mvula inali itakula, mitsinje ikudzaza, ndipo ena anasiya fodya kumunda. Oyamba anali a ndale ndi amayi awo a zitenje zofanana. Lole inatsatira, kuopa kugona panjira. Ena ankadzuka ngati akupita kuseri, osabwereranso. Ndili pakhomo la siwa ndinkaona bwalo likuyera pang'onopang'ono, ndikudziwa kuti akanaikidwa kumunsi, khamu lonselo likanawaperekeza. Ameneyo anali munthu woyenda yekha, ndipo ine ndinamulanda ngakhale anthu a tsiku lake lomaliza.

Uthenga woti dzenje latha unafika dzuwa litapendeka. Tinanyamuka anthu owerengeka, oti akanakwana m'kalasi imodzi. Njira inadutsa pamanda akale. Pambali pa manda a apongozi anga panali mulu wa dothi latsopano pamene anakwirira nthochi ija. A Nambewe anaima pamenepo, ife tinapitirira. Pachitunda nyimbo inaduka yokha, mpweya utatha. Onyamula bokosi ankaterereka, ndipo amuna a ku Dzaleka aja analowapo kuthandiza popanda wowapempha. Nditacheuka ndinaona alamu anga akukwera m'mbuyo mwenimweni, akugwira maondo.

Adzukulu anali atakhala pamiyala imene anafukula, manja ali matuza, ndipo sanandiyang'ane. Dzenjelo linali louma. Kuzungulira konseko kunalibe mtanda ngakhale umodzi, udzu ndi mitengo ya masuku basi, ndi mphepo. Kutali kunkaoneka mapiri a kwathu ku Ntchisi atavala mitambo. Akatekisiti anafupikitsa mwambo chifukwa cha mdima. Dothi linali lochepa, ndiye pamwamba anaunjikapo miyala. Nditaika nkhata yanga ndinalira kwenikweni koyamba, osati chifukwa cha imfa yokha, koma mantha akuti mwina alamu anga ananena zoona, ndipo munthu wodwala amatha kupempha chinthu chimene womukonda sayenera kumpatsa.

Madzulo nyumba inali zii. Mphasa zinali zitapindidwa, pamene panali bokosi panatsala mipando iwiri imene inalichirikiza. Amayi amene anayenera kugona nane anati akaothe moto kukhitchini, ndipo sanabwerere. Ndinakhala mumdima osayatsa nyali, ndikumva madzi akudontha patsindwi.

Chitseko chinakankhidwa. Anali a Nambewe, chitenje chili chonyowa, matope mpaka m'maondo. Sanalowe, anakhala pakhomo atandifulatira. Ndinkayembekeza kuti andiuze tsiku loti ndilongedze katundu.

"Ndawauza amalume ndi ana anga," anatero. "Ine ndikadzafa akandiike kumtunda komweko. Za madzi zakezo sindizidziwa, ndipo inu sindinakukhululukireni. Koma mwana wa mayi anga sangagone yekha mpaka kalekale."

Anadzuka n'kutseka chitseko bwinobwino kuti mphepo isalowe. Ndinamva mapazi awo m'matope mpaka anazimirira, ndipo ndinatsala ndekha ndi mipando iwiri ija.