Tsiku limene ndinapalira m'madzi

Lolemba m'mawa mayi a kunyumba anaima pakhonde, manja m'chiuno, n'kundipatsa masiku asanu.

“Bambo a Esinati, likafika Loweruka madziwa adakali chonchi, nsomba zanuzo ndikazinga. M'chibotolomo ndiikamo nyemba.”

Mudziwe kaye mmene zinayambira, awerengi. Ine zilembo ndinaziphunzira ndekha, pa mabokosi amene amtengatenga amatula pano pa Likhubula asanakwere phiri. Mwezi wathawu, m'bokosi lina munagwa tsamba long'ambika la buku. Panali chithunzi cha nsomba zikusambira m'galasi, pakati pa zitsamba. Mawu a pansi pake anali a Chingerezi. Ndinawawerenga mokweza kawiri konse, osamva ngakhale limodzi, koma ndinagwedeza mutu ngati munthu wamva.

Mwamwayi mzungu wa kumunda wa tiyi anataya chibotolo chachikulu chothyoka khosi. Ndinachitola, ndinasalaza m'mphepete mwake ndi mwala, ndinayala mchenga wa mumtsinje pansi, ndinabzala udzu wa m'madzi, n'kuikamo timatemba tisanu. Madzi ali mbee! Ndinachikhazika padzuwa kuti odutsa aone kuti pano pakhala munthu wowerenga.

Tsono mlimi ndi mlimi. Patatha masiku atatu ndinaona udzu uja ukutambalala, mtima n'kuyamba kuyabwa. Kodi anthu adzati chiyani, mwamuna wamkulu kulekerera tchire pakhomo? Ndinapisa dzanja ndi kuzula wonse. Ndinapalira, abale, mpaka m'galasimo munayera ngati bwalo la sukulu ya mishoni.

Ndiye nsombazo si alendo kodi? Mlendo sagona ndi njala kwathu kuno. Gaga m'mawa, gaga masana, gaga dzuwa likamapendeka. Sabata isanathe madzi anasanduka thobwa. Alendo anga anali pamwamba onse, kukamwa yasa, ndipo mmodzi anatisiya, mimba kuloza kumwamba. Apa ndi pamene mayi a kunyumba anatchula za kukazinga.

Masana ake kunadutsa a Namakhwa, mnansi wathu amene anachokera kutsidya kwa Ruo, katswiri wotchera mono. Anasuzumira, ananunkhiza, anabwerera m'mbuyo.

“Aphunzitsi,” amanditchula choncho akafuna kundiseka, “mwafulula liti mowawu? Nanga osaitana?”

Ndinawafotokozera zonse, ndipo nditafika pa kupalira paja anakhala pansi chifukwa cha phwete.

“Munapalira mtsinje? Inu, mono wanga ndimatchera poyera kapena paudzu?”

“Paudzu.”

“Nanga nsomba ikanakhala yodana ndi udzu ikanakhalamo? Udzuwo ndiwo umadya litsiro lake. Mwathamangitsa wosesa, mwasiya odya okhaokha.”

Anandituma kumtsinje ngati mwana. Ndinabwera ndi udzu wa mizu yake, tinaukwirira mumchenga ndi kupsinja ndi timiyala. Anaponyamo nkhono ziwiri za m'madzi kuti zizinyambita ndere pagalasi. Chibotolo tinachisunthira pamthunzi. Nditafuna kukhuthula madzi onse anandigwira mkono.

“Pang'ono pokha, chikho chimodzi tsiku lililonse, n'kubwezeramo a mumtsinje. Ndipo gaga ayi, masiku atatu.”

“Alendo agone ndi njala?”

“Afa ndi njala kapena afa ndi inu?”



Masiku amenewa, ndili chikhalire kudikira madzi, ndinaganiza za khasu lathuli. Ife chilichonse chobiriwira chimene sitinabzale tokha timachiyesa mdani. Taonani m'mbali mwa timitsinje totsika m'phirimu. Uku eni minda ya tiyi akugwetsa mitengo, uku ife tikulambula bango ndi udzu mpaka khasu kunyowa, kuti dimba likule ndi mikono iwiri. Tikatero timaima patali n'kumati tayeretsa. Mvula ikagwa madzi amatsika ofiira, ndipo amayi athu amakwera ndi mitsuko kukafuna oyera kumtunda kumene khasu silinafike. Ine ndinaononga madzi a m'botolo limodzi m'sabata imodzi, ndi dzanja limodzi. Nanga mudzi wonse, ndi makasu ake onse?

Musandimve molakwa. Kumunda palirani, chimanga sichikondana ndi tchire. Koma si ponse pali munda.

Lachitatu madzi anali ngati otsukira mpunga. Lachisanu ndinayamba kuona timiyala ta pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, ndipo ine ndinawaonadi, nkhonoyo ikukwawa pagalasi ngati kapitawo woyendera ntchito.

Loweruka mayi a kunyumba anabwera phale lili m'manja, kuti ndidziwe kuti sanaiwale. Anagwada mbali ina ya chibotolo, ine mbali inayo. Timatemba tinayi tija tinali kuzemberana muudzu. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika phale pansi.

“Zapulumuka,” anatero. “Madzi ayera ndithu, mpaka ndikuona nkhope yanu kutsidyako. Imeneyo yokha bola muja munali thobwa.”

Nyemba zakhala m'nkhali momwe zinali. Tsono inu amene mwanola khasu kuti mawa mukalambule m'mphepete mwa mtsinje, udzu mukukazulawo munaufunsa ntchito imene umagwira?