Foni ya Mumbiya ndi Mpheta za ku Lifuwu

Eveles wa ku Lifuwu anakulira m'matope a mpunga, ndipo zidendene zake zinali zong'aluka ngati dambo la m'chilimwe. Anakwatiwa ndi a Fanuel, munthu wa mawu aakulu. Akakuwa pamunda pawo, mpheta zinkabalalika mpaka ndime zitatu za anansi. Chaka china mpunga utakanika, a Fanuel anakwera basi ya ku Joni, namusiyira Eveles ndime imodzi m'sikimu ya mpunga ndi kamtsikana kamodzi, Tikondwe, kasanayambe n'sukulu komwe.

Zaka zinapita zisanu. Chachitatu chake a Fanuel anatumiza foni yaikulu ija yosisita ndi chala, ati mwana asaiwale nkhope ya bambo ake. Nkhopeyo sanaiiwale, koma anayamba kuiwala zina. Ankadya maso ali pagalasi. Kumuitana, mpaka katatu. Eveles ankakumbukira mwana uja ankamutsata pamzere wa ngalande, akufunsa dzina la udzu uliwonse. Tsopano ankangoona paliwombo pake, mutu uli zyoli.

Ndiye anaika lamulo. Foni izigona mumbiya ya mbewu, yomanga nsalu pakamwa. Izituluka Lamulungu akaweruka kutchalitchi, a Fanuel akaimba, kenako makatuni mpaka mthunzi wa mtengo wa mango utafika pakhonde.

"Amake Tiko," anadandaula a Fanuel pafoni, "ine mwanditsekera mumbiya ngati mbewu ya chaka chamawa?"

"Mbewu ikatuluka imabala," anayankha Eveles. "Inu mukatuluka, mbale zimagona zosatsuka."

Anaseka onse, koma foni itazima Eveles anakhala nayo m'manja kanthawi asanaibweze.

Idafika nyengo imene mpunga umachita mkaka m'ngala, pamene mpheta zimatsika ngati utsi. Masabata atatu amenewo ndiwo amanena ngati banja lidye kapena ligone ndi njala. Eveles anamanga nsanja, nayala zingwe pamwamba pa ndime, namangirira zitini zokhala ndi timiyala. Mmawa ankalondera yekha. Masana, Tikondwe akaweruka kusukulu, ankamusiyira chingwe. Pomulangiza ankakonda kunena kuti, "Akanakhalapo bambo ako, zitinizi sizikanafunika. Mawu awo okha ankakwana."

Loweruka lina masana, Eveles atabwerera kunyumba kukaphika, anapeza nsalu ya pambiya ili yomasula. Anapisa dzanja m'mbewu mpaka m'chigongono. Foni munalibe. Anasiya moto uli chiyakire nathamangira kusikimu.

Safia, mnansi wake wa ndime yam'munsi, anamukuwira ali patali. "Fulumirani anzanga! Kwanu mpheta zili paukwati, ife sizinatiitane!"

Eveles anangomudutsa. Ngodya yonse yakummawa inali bii ndi mbalame, ngala zikuwerama. Zingwe zinali lende, zitini zili chete. Pansanja panaima Tikondwe, manja onse awiri ali m'mwamba, atakwezera foni kumunda. Mufonimo munkatuluka kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu: "Haaya! Haaya! Chokaniii!"

Eveles anaima chiimire. Kukuwa kumeneko anali asanakumve zaka zisanu. Pafoni ya Lamulungu a Fanuel ankalankhula motsitsa, ngati mlendo. Apa anali iwo enieni, a m'matope aja, akung'amba kukhosi ali kuseri kwa nyumba imene ankamanga kudziko la eni. Koma mpheta zinkangodya.

Anatola chingwe nakoka ndi mphamvu. Zitini zinalira ndime yonse, mbalame zinadzuka nthawi imodzi ndi kulowera kunyanja.

"Tiko, chingwe unachisiyiranji?"

Mwana anatsitsa manja. "Zinachuluka, amayi. Ndiye ndinawafulasha ababa. Inu mumati mawu awo amathamangitsa ndime zitatu."

"Zathawa?" anafunsa a Fanuel mufoni, mawu atasasa. "Tiko, zathawa eti?"

Eveles anayang'ana ngodya ija, ngala zili mbuu, zongotsala makoko. Anayang'ananso mwana.

"Zathawa, bambo a Tiko," anatero. "Zonse."

Sanamumenye mwanayo. Madzulo ake anangosintha lamulo. Mpaka mpunga utakololedwa, foni izipita kumunda, koma izipachikidwa pamtengo wa nsanja m'kapepala ka shuga, galasi litaloza kumpunga, osati kumaso. Manja akhale pachingwe. A Fanuel aziimba akapuma kuntchito, azikuwa mmene angathere, Tikondwe azikoka zitini. Makatuni ndi a Lamulungu basi.

Mwana anavomera msanga, poti tsiku lililonse kunali bambo ake. Mutu unadzuka, maso anabwerera kumunda. Anayambanso kufunsa: mbalame yofiira ija dzina lake ndani, nanga ababa ali mwana ankagenda ndi chiyani. Ngodya ija inapita, koma ndime yotsalayo inacha bwino, mbewu inalowa mumbiya.

Masiku amenewo Eveles anasiya kufulumira kunyumba masana. Ankati akuona madzi m'ngalande. Safia ankamuseka kuti madzi a ndime imeneyo amaoneka pa nthawi imodzi yokha, koma iye ankangowerama n'kumazula udzu pafupi ndi nsanja, khutu lili kukapepala ka shuga kaja, kudikira kuti kayambe kukuwa.