Chaka Chimene Abambo Anathyoka Mwendo

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anagwa padenga la chigafa cha fodya n'kuthyoka mwendo. Tinkakhala kumudzi wa m'mapiri kuseri kwa Malomo, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zipani zinali zitangochuluka kumene, moti ngakhale pamzere wa kuchigayo anthu ankakangana za ndale.

Abambo sindinkawadziwa bwino. Ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo kwathu ankabwera pa Khrisimasi pokha, atanyamula sopo ndi shuga. Akalowa m'nyumba, ine ndinkatulukira kukhitchini ngati kwabwera mlendo. Ulendo umenewo anati akonze chigafa chathu asanabwerere, koma anaponda mtengo wofumbwa. Kuchipatala cha mishoni anawaika chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi. Fupa linachedwa kugwirana, ndipo ntchito yawo anapatsa munthu wina.

Mvula nayo inadula chimanga chikumasula. Pofika nthawi yachisanu m'nkhokwe munali mbee. Tinadya phala la madeya, kenako mango aawisi ophika, amene amasiya mano ali dzanzi. Amayi ankalawirira kuganyu, ndipo ine ndinasiya sukulu teremu yathunthu kuti ndizisamalira odwala.

Kunena zoona, abambo anali odwala ovuta. Mkeka ndinkausuntha kanayi pa tsiku kutsatira mthunzi wa mtengo wa mango. Mabatire a wailesi ndinkawayanika padzuwa kuti amvere nkhani, ndipo akamva ankatsutsana ndi wailesiyo ngati ikuwayankha. M'chikhakha mukamayabwa, ankandituma kukathyola udzu wautali wokandira. Chifukwa chosowa chochita anayamba kusoka mphasa, n'kundiphunzitsa kung'amba bango osadzicheka. Apo m'pamene anandiuza kuti ali mwana ankaopa ng'ombe, ndiponso kuti kukwaya anawachotsa chifukwa cha mawu. Ataimba kuti ndimve ndekha, ndinaona kuti akwaya sanalakwe.

Tsiku lomaliza la chaka, masana, akhristu a mumphakati mwathu anasonkhana pabwalo pathu popeza abambo sankatha kuyenda mtunda. Atsogoleri anati aliyense anene chimene akuthokozera Mulungu. Ine ndinangoyang'ana pansi. Ndinali nditatsalira kalasi, diresi linali limodzi, m'mimba munkalira. Amayi anathokoza kuti palibe amene tinamuika m'manda. Kenako abambo anatsamira ndodo yawo.

"Ine ndikuthokoza mwendowu," anatero. "Ndadziwa chaka chino kuti mwana wanga Lusiya ndi wamanzere. Zaka zonsezi sindinkadziwa."

Anthu anaseka. Ine ndinachita manyazi, ndiponso ndinakwiya mumtima, poona munthu wamkulu akuthokoza ngozi ife tikugona ndi njala.

Mvula itagwa bwino chaka chotsatira, abambo anapeza ntchito ku esiteti ina, n'kupita akutsimphina. Patatha zaka zitatu anamwalirira komweko.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Joni, koma ana ake amamuona nkhope pafoni sabata iliyonse, ndipo iye amadziwa ngakhale dzino la mwana limene laguluka. Ife tinalibe zimenezo. Kwa nthawi yaitali anthu akafunsa za chaka chija ndinkangonena za njala. Ndinafika pokhala ndi ana anga ndisanazindikire kuti pa zaka zonse za ubwana wanga, chimenecho n'chokhacho chimene ndinakhala ndi bambo pakhomo.