Mafomu a odwala ndinakulungitsa vitumbuwa

Inu owerenga, mpaka lero ndikamva fungo la vitumbuwa ndimachita nseru. Si mafuta ake ayi, ndimanyansidwa ndi ine mwini. Ndinataya maina a odwala ndi manja angawa, ndipo palibe mfiti imene ndingainamizire.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali kalaliki pa kabungwe kena ku Rufunsa, kamene kankapereka mankhwala a TB m'midzi pa njinga yamoto. Wodwala aliyense anali ndi fomu yake: dzina, mudzi, tsiku loyamba mankhwala. Titalandira makompyuta awiri olumikizana ndi waya, ntchito yanga inali kutaipa mafomuwo mu kompyuta yanga. Ba Tembo, katswiri wa ku Lusaka amene anadzaika makinawo, anandiphunzitsa kuti Lachisanu lililonse ndizikopera zonse, zimangidwe mtolo umodzi, zidutse pa waya zikasungike mu kompyuta ya abwana. Mtolowo ankautcha bakapu. Anandichenjezanso kuti ndizidikira mpaka ithe, kenako ndiziitsegula ndione ngati ili bwino.

Ine kudikira? Pa Lachisanu? Awe! Ndinali ndi chibwenzi ku Lusaka, ndipo minibasi sidikira munthu. Ndinkangodina batani, kutola chikwama, ulendo. Sindinkalabadira kuti mlonda amazimitsa jenereta 16 koloko ikangokwana. Bakapu inkadukira panjira, ndipo yatsopano iliyonse inkafufuta yakale.

Koma uchitsiru weniweni ndi uwu. Makatoni a mafomu anadzaza pakona, mphemvu n'kumaswana momwemo. Ine ndi matama anga ndinati zonse zili mu kompyuta, mapepala ndi a chiyani. Ndinawapereka kwa azimayi ogulitsa vitumbuwa pamsewu kuti azikulungira, iwo n'kumandipatsa ziwiri zaulere m'mawa. Vitumbuwa viwiri, abale!

Mvula yoyamba itagwa, mphezi inawomba pafupi, kompyuta yanga n'kupseratu. Sindinade nkhawa n'komwe. Ba Tembo atafika anapita pa kompyuta ya abwana kuti atsegule bakapu, koma inakana. Anayesanso, inakananso. Anayamba aikopera pa diski yawo kuopa kuiwonongeratu, kenako anakhala masiku atatu akusinthasintha madisiketi, kutola maina limodzilimodzi pakati pa zilembo zopanda mutu. Midzi ya m'mbali mwa msewu mpaka ku Mpanshya inabwerera. Ya ku Shikabeta, imene inali kumapeto kwa mtolo, kunalibe ndi dzina limodzi lomwe.

"Musadandaule, tingotaipanso kuchokera pa mafomu," anatero ba Tembo. "Ali kuti?"



Ndinathamangira kumsewu. Azimayi aja anali atatsala ndi mapepala ochepa, onona mafuta moti inki inali itabalalika. Ena ndinakatola mu ngalande momwe apaulendo amataya za m'mabasi, osakanikirana ndi makoko a nthochi ndi matope onunkha. Ena ndinawapeza atasomekedwa pa msomali m'chimbudzi cha kuseri kwa msika, theka lake litang'ambidwa kale. Ndinawazula ndi manja, ndinasanza pomwepo. Maina a anthu odwala, amene anatikhulupirira, kupukutira zonyansa chifukwa cha ine.

Tsoka silinunkha. Woyendetsa njinga amene ankadziwa njira za ku Shikabeta pamtima anali atasiya ntchito mwezi womwewo, ndipo watsopano, ba Lungu, ankangoyendera mndandanda umene ine ndawapatsa. Tinatumiza uthenga m'matchalitchi, odwala ambiri n'kupezekanso, koma osati onse.

Chimanga chitayamba kucha, kunabwera mayi wina wachikulire wa ku Shikabeta, mapazi ali fumbi lokhalokha. Anakhala pansi pakhomo la ofesi, n'kumasula pa chitenge tizitini ta mankhwala topanda kanthu.

"Ndabweza izi, mwana wanga. Amuna anga tinawaika sabata yatha. Ankakhala pakhonde kumvetsera njinga yanu, amati ibwera, anthu aja sanama. Nanga munalekeranji?"

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati kompyuta inawonongeka ndi mphezi. Pakamwa panga pomwepa! Mayiyo anandigwira dzanja, dzanja lomwe lija la m'chimbudzi, nati, "Pepani mwana wanga, mwavutika nayo ntchito."

Anandipepesa, ine. Bola akanandilavulira kumaso.

Inu amene mumasunga maina a anthu, bakapu imene simunaitsegule ndi maso anu musaiwerengere. Dikirani ithe, minibasi ikusiyeni ngati ikusiyani, ndipo pepala lakale musataye musanatsimikize. Tizitini tija ndinatisunga, tili pawindo kunyumba kwanga. Ana akandifunsa kuti ndi ta chiyani, ndimawauza zoona zimene ndinamana mayi uja.