Chiwanda cha pa shelefu yanga

Nditabereka mwana wanga woyamba ku South Bend ku America, amayi a kumpingo anabwera kuchokera ku Indianapolis kudzaona khanda. Mtsogoleri wawo, namwino wachikulire, atangolowa anaona kachifanizo kadothi kamene ndinkaphunzitsira ku yunivesite: nkhope ya galu, mapiko anayi, mano ali pamtunda.

"Mwana wanga, chiwanda m'nyumba ya khanda? Chitaye msanga!"

Mtima unandiwawa. Zaka zonsezo ankangonditcha "wa ziwanda uja", ngati sukulu yanga inali masewera.

"Amayi," ndinayankha, "akazi a ku Babulo ankavala chimenechi m'khosi. Ankaopa mzimu waukazi wolanda makanda, ndiye anafuna choopsa china choti chiziuthamangitsa. Ine sindichipembedza ayi. Ndimaphunzira mantha a amayi anzathu."

Namwino uja anakayang'anitsitsa kachifanizoko. Kenaka anati chapansipansi, "Ndiye ndi mphinjiritu. Mayi anga anamumanga ina m'chiuno mwana wanga woyamba, ine n'kumaibisa ndi thewera popita ku tchalitchi."

Amayi onse anaseka, ena atazolika. Tinapemphera, kachifanizo kali pomwepo, palibe anakakhudza.

Potsanzika, namwino uja anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Tsalani bwino, aphunzitsi."